Mukufuna kuluka dengu? Kutchire musathamangireko kaye

Mtsikana wina wa ku Dzivarasekwa wandilembera imelo. Akuti wakhala akuonera mavidiyo pa YouTube a azungu amene amalowa m'tchire, n'kuthyola ziyangoyango ndi timitengo, pofika madzulo dengu laima. Akufunsa kuti muno mu Harare angatole chiyani choti aphunzirirepo kuluka, poti ndalama zogulira zipangizo alibe. Ndiye pomaliza akuti, "kwathu kuno kulibe amene amadziwa zimenezi."

Chemwali, funso lanu ndiyankha. Koma mawu omalizawo andikhala pamtima sabata yonse. Kulibe amene amadziwa? Ku Dzivarasekwa kwenikweniko?

Agogo anga aamuna anachoka ku Ntcheu nthawi ya chitaganya, kuja kwa 1953 mpaka 1963, pamene anthu a ku Nyasaland ankakhamukira kuno, ena kudzera kwa Mthandizi, bungwe lija lolemba anthu ntchito, ena wapansi. Anayamba pa famu ya fodya cha ku Norton, kenako anadzapeza ntchito ya m'mayadi kuno kutauni, ife n'kukulira nawo ku Mufakose. Loweruka masana akaweruka ankabwera ndi mtolo wa nsungwi panjinga. Kumayadi kuja azungu ankazibzala ngati mpanda, zikachulukana agogo ankapempha. Ankazinyoza koma akuzigwiritsa ntchito: ati izi n'zamphako, n'zosalimba, si nsungwi zakumudzi zimene mpeni umachita kulira.

Ankakhala kuseri kwa nyumba, chidutswa cha chubu cha njinga atachiyala pabondo. Nsungwi ankaing'amba pakati, chibanthucho pakatinso, mpaka patsale timizere topyapyala. Posenga mpeni sunkayenda ayi. Ankaukhazika pabondo paja, chimene chinkayenda ndi kamzere ka nsungwi, akukakoka pansi pa mpeni, zopalapala zikugwera kumapazi. Ntchito imeneyi yokha inkatha masiku. Kuluka kwenikweniko kunkabwera mochedwa ndipo sikunkachedwa: ankaluka chinthu chafulati pansi, atachiponda ndi phazi kuti chisathawe, mzere uliwonse ukudumpha anzake angapo kuti patuluke maluwa opingasa aja mumawaona pa lichero. Akatha ankachiwaza madzi, n'kuchikanikizira mu mkombero, kudula zotsalira, n'kupendera m'mbali. Likakhala lichero labwino, ukaligogoda ndi chala limayankha.

Amayi a mumsewu mwathu onse, Achewa ndi Ashona omwe, ankapetera m'malichero a agogo. Koma ana awo omwewo ankaima pampanda n'kumakuwa "achimwene, achimwene," ena "mabhurandaya," ngati kuti kuchokera ku Malawi ndi matenda. Ndipo apa ndinene mosapsatira. Mbadwo wa makolo athu unathawa chilichonse chimene chikanauzindikiritsa. Chichewa chinatsalira kukhitchini ndi kumaliro. Gule ankamuonerera patali ngati sakumudziwa. Mwana amene wakhala pambali pa agogo n'kumagwira nsungwi ankamukalipira kuti akawerenge, asadzathere m'mayadi. Sindikuwaweruza kwenikweni, chifukwa ankadziwa zimene ankathawa. Kumbukirani lamulo la unzika la 2001, limene linachititsa anthu obadwira konkuno, oti ku Malawi sanapondeko, kuyenda ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo, mpaka malamulo atsopano a dziko a 2013 anadzakonzako zinthu. Munthu amene akuuzidwa tsiku ndi tsiku kuti si wakuno sanyadira lichero la bambo ake. Komabe zotsatira zake ndi izi: mdzukulu akuphunzira kuluka kwa mzungu wa pa foni, kugula bandulo ya intaneti ndi ndalama imene akuti alibe, pamene nyumba yachitatu kuchoka pakwawo pali nkhalamba imene manja ake akudziwa zonsezi ndipo palibe anaifunsapo.

Ine mavidiyo amenewa ndimawaonera, sindinama, ena ndi okoma. Chimene chimandinyansa n'choti amabisa thukuta. Amakuonetsani kuthyola, kenako dengu. Masabata oumitsa aja, kusenga kuja, zala zong'ambika zija, amadula. Chinanso, mitengo imene iwo amadalira, monga willow, ndi ya kwawo kozizira, kumene miyambo yake yolukira inakulira. Inu mukatenga nzeru imeneyo n'kupita nayo m'mbali mwa mtsinje wa Mukuvisi mudzabwerako ndi zisoso m'siketi basi.

Komanso ili liwu loti "zotola n'zaulere" likufunika kulikayikira mu Harare. Tchire lake liti? Madambo amene ankatipatsa bango ndi udzu akudyedwa ndi nyumba, ena ndi minda ya chimanga, ena asanduka kotaya zinyalala. Amene atsalako bwino ndi otetezedwa. Dambo la Monavale, damu la Cleveland ndi nyanja ya Chivero zinalowa m'ndandanda wa madambo ofunika padziko lonse wa Ramsar mu 2013, ndipo a EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, ali ndi mphamvu pa zochitika m'madambo. Ku Mukuvisi Woodlands simungangolowa ndi chikwakwa. Kwina kumene kulibe wokuletsani n'kumene kukuyenda madzi a m'zimbudzi, ndipo amene tinaona kolera wa 2008 sitiseka nazo zimenezo.

Pali amene angakuuzeni za namasupuni wa pa Chivero. N'zoona, wadzadza, ndi chomera chobwera chochokera ku South America, ndipo mapesi ake akauma bwino amalukika, m'maiko ena amapangira mipando ndi madengu. Kumuchotsa n'kuthandiza nyanja. Koma wanenepa chonchija chifukwa cha zonyansa zimene mzinda umatsanulira m'menemo, malowo ali m'manja mwa a Parks, oyang'anira malo osungira nyama zakutchire, moti chilolezo n'chofunika, ndipo ng'ona zilimo. Akapanda kuumitsitsa amachita chuku msanga. Wongoyamba kumene asayambire apo. Mlazanso iwalani zoti mukautola: mtengo wake, mgwalangwa, umakonda kotentha, kuchigwa cha Zambezi monga ku Binga, kapena kwathu ku Mangochi, Salima ndi Chikwawa. Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, sumera wokha kuno. Madengu okongola a ku Binga amene mumawaona akugulitsidwa kwa alendo ndi a mlaza umenewo, ndipo amaluka ndi amayi achitonga.

Zimenezi zandikumbutsa. Kumudzi kwathu kuluka lichero, dengu ndi nkhokwe inali ntchito ya abambo, amayi yawo inali youmba mbiya. Ndiye mukapeza nkhalamba yachimuna, mwina idzayamba yaseka kuti mwana wamkazi ndi nsungwi wapi ndi wapi. Musakhumudwe. Auzeni za amayi a ku Binga aja, kuti kumeneko ndi amene akudyetsa mabanja ndi ntchito imeneyi. Nkhalamba zathu zimakana kaye kuti zione ngati mubwerenso.

Nanga mutole chiyani?

Yambani ndi zimene zili pakhomo. Makoko a chimanga, amene mu Epulo ndi Meyi amangotayidwa m'minda yonse ya m'misewu. Makungwa ouma a thunthu la nthochi. Khonje, ngati wina ali naye kumpanda: pandani tsamba, palani mpaka patsale ulusi, koma madzi ake amayabwa, valani kanthu m'manja. Ndi udzu wautali uja wofolerera, umene muyenera kumweta mvula ikatha, cha mu Meyi mpaka Julaye, moto wa mu Ogasiti usanaudutse. Pemphani kwa mwini malo. Luzi la mitengo ya msasa lisiyeni, mukasenda khungwa kuzungulira mtengo umafa, ndipo yatsala yochepa kale.

Chilichonse chimene mwatola chiumitseni kaye pamthunzi mpaka chiume gwa. Mukalukira chachiwisi chimadzafota, dengu n'kukhala lagwedegwede. Tsiku loluka ndiye muchinyowetse pang'ono, muchikulunge m'chiguduli chonyowa kuti chifewe. Poyamba musalimbane ndi lichero. Tengani kamtolo ka udzu konenepa ngati chala, kakulungeni ndi khonje kunsonga, kapindeni ngati nkhata, ndipo muzizungulira mukusokerera mzere watsopano pa wakale ndi zingano wamkulu wosokera matumba, amene ku Mbare Musika sasowa. Udzu muziwonjezera pang'onopang'ono kuti kamtolo kasaonde. Mukafuna khoma liyambe kukwera, mzere wotsatira muukhazike pamwamba pa unzake osati pambali. Choyamba chidzapendama. Ikanimo anyezi, yambani china.

Nsungwi zidikire mpaka mutapeza wokuonetsani, chifukwa kusenga sikuphunzirika ndi maso okha ndipo kamzere kakutsetsereka kamacheka kuposa lumo. Mukadzafika pamenepo, dulani zokhwima, nyengo yachilimwe. Zanthete zimafumbwa chaka chisanathe.

Kumupeza munthuyo si kovuta monga mukuganizira. Lamulungu pitani ku CCAP kumene amapemphera m'Chichewa, kaya ku Mufakose, ku Highfield kapena ku Mbare, mapemphero akatha mufunse amayi a Chigwirizano kuti lichero lawo anagula kwa ndani. Ngati kwanu ndi Asilamu, funsani madala a kumzikiti Lachisanu, Ayao ambiri ntchito ya manja amaidziwa. Ku Mbare Musika nakonso ogulitsa malichero amadziwa amene amawalukira, ngakhale ena sangafulumire kuulula. Popita kwa gogoyo mutenge paketi ya shuga ndi masamba a tiyi, mukagwade, mukalonjere bwinobwino, munene kuti ndinu mdzukulu wa yani ndipo kumudzi n'kuti. Tsiku loyamba foni ikhale m'chikwama, ndipo akakutumani kusesa zopalapala sesani.

Mukawapeza mundilembere, mundiuze mtengo wake. Langa lichero latsala chipapa, ndipo apulasitiki awa mpunga umangoterereka.