Kuphunzitsa pa intaneti pa sukulu ya boma: muyambe ndi kaundula wa mafoni

Mphunzitsi wina wa masamu pa sukulu ya sekondale yoyendera m'boma la Dedza wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: ophunzira ake a Fomu 4 amafika pa mayeso a MSCE asanatsirize silabasi, choncho akufuna kuyamba kuwaphunzitsa pa intaneti, koma sukuluyo ilibe makompyuta ndipo magetsi amathimathima. Akufunsa ngati ayambe ndi Zoom, pulogalamu yokumanirana pa vidiyo, kapena Google Classroom, yotumizirana ntchito za m'kalasi.

Aphunzitsi, zikomo chifukwa cha kalata yanu. Yankho langa ndi lakuti zonse ziwirizo ziyambe zadikira, ndipo ntchito yanu yoyamba ikhale kulemba kaundula wa mafoni. Tengani rejisitala ya kalasi, mufunse wophunzira aliyense payekha ngati kwawo kuli foni yamakono kapena ya mabatani, mwini wake ndani, imapezeka pakhomo nthawi yanji, amaitchaja kuti, ndiponso amene amagula bandulo ndani. Mufunse payekhapayekha chifukwa pagulu mwana amachita manyazi kunena kuti kwawo kulibe foni. Mukatero mudzaona kuti mafoni ambiri ndi a makolo kapena achibale, amene amachoka nawo m'mawa n'kubwera nawo madzulo, ndipo zimenezi zokha zikutanthauza kuti phunziro lofuna kuti aliyense akhale pa intaneti nthawi imodzi silingatheke.

Dziko lathu linaziona kale zimenezi. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, Unduna wa Zamaphunziro unaika manotsi a ophunzira a sekondale pa intaneti, pomwe a pulayimale ankaphunzira kudzera pa wailesi, ndipo m'maganizo anga wailesiyo inafika kutali kuposa intaneti. Ndondomeko ya BEFIT, imene inayamba mu 2023 yopereka matabuleti kwa ana a Sitandade 1 mpaka 4, inakonzedwa moti maphunziro onse ali kale m'tabuletimo, safuna netiweki, ndipo matabuletiwo amatchajidwa ndi mphamvu ya dzuwa. Ngati boma ndi mabungwe amene ali ndi ndalama anasankha njira yosadalira netiweki, inu amene mukugula bandulo ndi malipiro anu muli ndi chifukwa chachikulu chochitira chimodzimodzi.

Nkhani yaikulu ndi mtengo. Ola limodzi la Zoom kamera ili yoyatsa likhoza kudya ma MB oposa 500, pamene mawu ojambulidwa pa WhatsApp kwa mphindi 5 safika ngakhale ma MB 2. Choncho phunziro lanu likhale lotere: mulembe chitsanzo chimodzi cha samu papepala loyera ndi cholembera chakuda, muchijambule pamalo owala, kenaka mujambule mawu ofotokoza mzere ndi mzere monga momwe mumachitira pa bolodi, ndipo pomaliza muonjezere mafunso awiri kapena atatu ochokera m'mapepala akale a MANEB. Wophunzira amakopera zimenezi kamodzi, n'kumamvetsera kangapo popanda kulipiranso. Ubwino wina, umene ambiri sauganizira, ndi wakuti mawuwo, akasinthidwa kukhala fayilo ya MP3, akhoza kusamutsidwa pa Bluetooth kapena pa memori khadi kupita ku foni ya mabatani, motero amafika ngakhale kwa amene alibe WhatsApp. Mayankho alembedwe m'kope ndi kubwera nawo m'kalasi, chifukwa kuchonga zithunzi za makope ambirimbiri pa foni usiku kudzakutopetsani mwezi usanathe.

Musanatsegule gulu la WhatsApp, kambiranani ndi mphunzitsi wamkulu, ndipo nkhaniyi ikafike ku komiti ya makolo ndi aphunzitsi. Sukulu zambiri za boma siziloleza ophunzira kubwera ndi mafoni, ndiye pafunika kumvana poyera kuti zimenezi ndi zochitikira kunyumba. Manambala olowa m'gululo akhale a makolo kapena oyang'anira ana, mukhalenso mphunzitsi wina, makamaka wamayi, ndipo mutchere gululo moti otumiza uthenga akhale aphunzitsi okha kupatula pa nthawi yoikika ya mafunso. Pamfundo iyi sindinyengerera: musamalemberane mauthenga apadera ndi wophunzira, makamaka mtsikana, ngakhale funso lake likhale la masamu enieni. Muyankhe m'gulu momwemo, pomwe aliyense akuona, pakuti zimenezi zimateteza mwanayo komanso dzina lanu. Musalipiritsenso kalikonse, chifukwa makolo akangomva za ndalama adzati mwayambitsa makalasi apadera mobisa.

Otsala opanda foni iliyonse ndiwo muyeso wa ntchito yonseyi. Aikeni m'magulu ndi anzawo oyandikana nawo nyumba amene ali ndi foni, ndipo pepala limene munajambula lija mulimate pa bolodi la zidziwitso m'mawa mwake kuti alikopere. Chilichonse chimene chidzabwere pa mayeso a kalasi chiyenera kupezekanso papepala.

Google Classroom ndi yabwino posunga ntchito mwadongosolo, koma imafuna kuti wophunzira aliyense akhale ndi akaunti ya Google, choncho ibwere pambuyo. Sukulu ikadzapeza makompyuta, mudzafufuze za Kolibri, pulogalamu yaulere imene imagawa maphunziro pakati pa zipangizo za pasukulu popanda intaneti.

Pakadali pano sankhani kalasi imodzi ndi mutu umodzi umene ophunzira amalephera kawirikawiri, mutumize maphunziro awiri pa sabata kwa mwezi umodzi, kenaka mupereke mayeso aafupi. Pochonga, muyerekeze malikisi a amene ali ndi foni ndi a amene alibe, pogwiritsa ntchito kaundula uja. Kusiyana kukakula, mukonze kaye kagawidwe ka mapepala ndi magulu musanaonjezere mutu wachiwiri.