Kasupe wa ku Bath: tilembe “wa” kapena “ka”?

Funso: Ndikulemba m’Chichewa mbiri ya madzi otentha a mumzinda wa Bath ku England, kumene alendo amakhamukira. Kodi ndilembe “chitsime” kapena “kasupe”? Ndipo ndinene kuti “kasupe ka madzi” kapena “kasupe wa madzi”?

Yankho: Lembani “kasupe”. Chitsime chimachita kukumbidwa, pomwe kasupe amatumphuka yekha. Aroma atamanga kachisi ndi malo osambira ku Bath cha m’ma 60 mpaka 70 AD, n’kutcha malowo Aquae Sulis, anapeza madziwo akutumphuka kale. Iwo anangomangira dziwe lowasungiramo.

Pamene ambiri amaphonya ndi pa ka- wa kumayambiriroyo. Amamuyesa ka- wochepetsa, wa mu “kamwana” ndi “kanyumba”, n’kumalemba “kasupe kotentha”, mwinanso “tisupe”. Ayi. Kasupe ali m’gulu limodzi ndi kalulu ndi kabudula. Timati kasupe uyu, kasupe wotentha, kasupe wa madzi. Akachuluka, akasupe awa. Choncho mulembe kuti: “M’zaka za m’ma 1700 anthu olemera ankapita ku Bath kukamwa ndi kukasamba madzi a kasupe ameneyu.”

Musawatchule kuti madzi owira. Amatuluka pa madigiri 46, pamene madzi amawira pa 100. Ndi otentha, “ofunda” n’kuwachepetsa. Dzina la Mawira, akasupe a ku Nkhotakota, lisakusokonezeni: mayina a malo amanena zimene maso aona, nthunzi ndi kubwata, osati muyezo.

Liwu la Chingerezi loti “mineral”, lomwe mukumane nalo pofotokoza madziwa, ndiye lovutirapo. “Madzi a mchere” owerenga amva ngati mukunena madzi a m’nyanja zikuluzikulu kapena a pamjigo wowawa. “Miyala ya mtengo wapatali” ndi nkhani ya kumigodi. Ine ndingasankhe “madzi okhala ndi michere ya m’nthaka”, ndipo koyambirira mutchule umodzi, monga kashiamu.

Za kuchiritsa, nenani kuti “ankakhulupirira kuti madziwa amachiza”, osati “amachiza”. Mu 1978 kusamba kunaletsedwa mtsikana wina atamwalira ndi matenda oumitsa khosi, ochokera ku kachilombo kamene kanapezeka m’madziwo. Alendo anayambanso kusamba mu 2006, pamalo atsopano a Thermae Bath Spa, m’madzi opopedwa kudzera m’mabowo oboola ndi makina. Mabowo amenewo ndiye mungawatche zitsime.