Ana akulimbana ndi kufananitsa nkhope, ndiyambire pati?

FUNSO: Ndimaphunzitsa achinyamata a zaka 14 mpaka 17 kukonza mapositala pa kompyuta. Ndikawauza kuti ajambule nkhope ya munthu, amafuna ifanane ndendende ndi chithunzi cha kamera. Zikavuta amagwa ulesi, ena amangotsitsa za pa intaneti. Ndiyambire pati? Ndine mphunzitsi wodandaula.

YANKHO: Aphunzitsi anzanga, poyamba zimitsani makompyutawo. Ine tsiku loyamba ndimapatsa mwana aliyense sizasi, guluu ndi mapepala atatu okha: loyera, lotuwa ndi lakuda. Ndimakhazika mmodzi pafupi ndi zenera kuti kuwala kumufike mbali imodzi, ndipo anzake amamuyang'ana atatsinzina pang'ono. Akatero tiziphuphu ndi timizere ta pakhungu timasowa, pamatsala zigawo za mdima: kunsi kwa mphuno, kunsi kwa chibwano, m'maenje a maso. Zimenezo ndiye amadula n'kumata.

Sindiiwala mtsikana wina amene ankafufuta diso limodzi mpaka pepala kubooka. Atagwira sizasi anangodula papepala maonekedwe a tsitsi la mnzake, magalasi ndi mthunzi wa pakhosi. Pakamwa sanaikepo n'komwe, koma atakweza pepalalo kalasi yonse inatchula dzina la mwiniwake nthawi imodzi. Anazindikira yekha kuti munthu timamudziwira zinthu ziwiri kapena zitatu, ndipo ntchito ya wokonza positala ndi kuzipeza n'kusiya zinazo. Positala munthu amaiona akudutsa, alibe nthawi yowerenga nsidze.

Akazolowera zimenezi, apite ku kompyuta. GIMP ndi Inkscape ndi mapulogalamu aulere. Mu GIMP muli Posterize yochepetsa mitundu ya chithunzi, mu Inkscape muli Trace Bitmap yosandutsa chithunzi kukhala zigawo zoti zikule osawonongeka. Mwana amene anadulapo ndi manja amatha kuona pamene makina alakwitsa n'kukonza. Amene sanadulepo amangovomera zilizonse.

Aonetseni positala ya Barack Obama ya mawu akuti HOPE imene wojambula wa ku America Shepard Fairey anapanga mu 2008. Nkhope yonse ili m'zigawo zofiira, zabuluu ndi zoyererako basi. Koma muwauzenso kuti Fairey anatengera chithunzi cha bungwe lofalitsa nkhani la Associated Press, nkhani inafika kukhoti, ndipo mbali ziwirizo zinagwirizana mu 2011. Otsitsa za pa intaneti aja amve zimenezi, ndipo azijambula okha zithunzi zoyambira.

Pa thupi lonse ndimakonda zizindikiro zimene wojambula wa ku Germany Otl Aicher ndi anzake anakonzera masewera a Olympics a ku Munich mu 1972. Mutu ndi kadontho kozungulira, nkhope palibe, manja ndi miyendo ndi mizere yoongoka kapena yopendekeka mofanana, komabe wothamanga ndi wosambira sungawasokoneze. Anawo ayese kujambula munthu wonyamula katundu wolemera mwanjira yomweyo. Adziwenso kuti maso amakhala pakatikati pa mutu, ndipo munthu wamkulu amatalika pafupifupi mitu isanu ndi iwiri ndi theka. Akafuna kukulitsa mutu kapena kutalikitsa miyendo, achite dala.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Pamsinkhu umenewu nkhope ndi nkhani yaikulu, ndipo mphuno yokulitsidwa mwachipongwe imapweteka kwa miyezi. M'kalasi mwanga wojambula amayamba wafunsa mnzakeyo chimene amachikonda pankhope pake, n'kukuza chimenecho. Chithunzi sichipachikidwa pakhoma mwiniwake asanachione ndi kuvomera.