Funsani Amalume a Kudimba: kadzidzi mumtengo, mfuko pansi pa mizere

Makalata a mwezi uno ambiri ndi odandaula za alendo osaitanidwa kuseri kwa nyumba. Ndasankhapo anayi. A mafunso a tomato wakuda kumatako, pirirani, tidzakambirana mwezi wamawa.

Amalume, mumtengo wa mango kuseri kwathu mukumabwera kadzidzi usiku uliwonse chiyambire Ogasiti. Aneba akuti ndi wotumidwa, tidule mtengowo. Ana akuopa kupita kuchimbudzi kukada. Nditani? — Mayi wa ana atatu, Chilomoni, Blantyre

Mayi, mtengowo usadulidwe. Mango atsala pang'ono kupsa, komanso mukaudula kadzidziyo angosamukira padenga lanu. Zoti ndi wotumidwa sindilimbana nazo, aliyense ali ndi zomwe anakula akumva. Ine ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Mawa m'mawa musanasese, tengani anawo mupite pansi pa nthambi imene amatera. Mukapeza timibulu totuwa, touma, tosaposa chala kutalika. Si zitosi ayi. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, ndiye ubweya ndi mafupa zomwe m'mimba mwalephera kugaya amazilavula. Phwanyani kamodzi ndi kamtengo, muonamo tizigaza ta mbewa, mano ake achikasu, nthawi zina mapiko a zikumbu. Mwana amene waona zimenezi ndi maso ake mantha amayamba kumuchoka, kuposa mutamulalikira usiku wonse.

Ngati ndi uja wa timakutu ndi maso achikasu, kulira kwakeko n'kwa nyengo. Amaswana kuyambira kumapeto kwa chisanu mpaka mvula isanakhazikike, ndiye wamwamuna ndi wamkazi amakhalira kuitanizana. Tcherani khutu bwino: wamwamuna amalira kawiri, "huu-huuu", wamkazi n'kuyankha katatu. Nanga wasankhiranji pakhomo panu? Anthu atakolola n'kutentha minda, mbewa ndi makoswe zinasowa pobisala, zinalondola chimanga chomwe chili m'matumba m'nyumba. Inu muli m'munsi mwa phiri la Michiru, ulendo wake si wautali. Iye watsata ndiwo zake basi.

Chomwe ndimadana nacho ndi mankhwala a makoswe aja akuda ogulitsa m'timapepala pamsika. Khoswe akadya amayenda mwapendapenda, kadzidzi kapena mphaka n'kumutola mosavuta, n'kufa nayenso. Mapeto ake makoswe amachuluka kuposa kale, osanenanso za ngozi kwa ana okwawa. Tcherani misampha ya diwa kapena yachitsulo. Anawo apatseni tochi.

Mfuko wanditha mbatata ndi chinangwa. Pamwamba masamba ali bwino, koma ndikakumba ndikupeza makoko okhaokha. Ndathira madzi kuuna wake, osatheka. — Mlimi wa ku Bembeke, Dedza

Achimwene, madziwo mukanathirira kabichi. Njira za mfuko zimayenda kutali, zili ndi nthambi zambiri, ndipo akamva chinyezi amatseka ndi dothi n'kuthawira kwina. Koma ali ndi chofooka chake: safuna mphepo kunyumba kwake. Funani kamulu ka dothi komwe wangotulutsa kumene, kachinyontho. Kumbani mpaka mupeze njira, muisiye pululu, inu mukhale chete kumbali osapondaponda, chifukwa maso ake ndi osathandiza koma mgugu wa mapazi amaumva msanga. Abwera yekha akukankha dothi kudzatseka. Pamenepo ponyani khasu kumbuyo kwake kuti asabwerere. Mano akewo samalani nawo, amaluma zenizeni. Zotsalazo mayi akunyumba akuzidziwa, ndi ndiwo yabwino.

Kuti asadzabwerenso wina, dzinja likubwerali dzalani mthuthu, ena amati ombwe, mozungulira munda ndi mizere ingapo m'kati. Alimi a chinangwa ku Zambia anaona kuti mfuko amapewa pomwe pali mizu ya chitsambachi. Chimawonjezeranso chonde m'nthaka monga achitira nandolo, ndipo masamba ake osinja n'kuviika m'madzi amapha nsabwe za m'masamba. Kungoti musatsukire ndowa yake mumtsinje, mthuthu umapha nsomba. Musayembekezenso zodabwitsa mwezi woyamba, mizu iyambe yakula.

Chilimwe chino ndaphimbira mabedi a mpiru ndi udzu monga munatilangizira. Tsopano madzulo achule ali mbwee, ndipo dzana ndinaona njoka yaitali ikulowa muudzumo. Kodi ndichotse udzuwo? — Mphunzitsi wa ku Salima

Aphunzitsi, ndi dzuwa la ku Salima mu Okutobala, bedi losaphimbira mukalithirira m'mawa pofika masana lauma gwa. Udzu ukhale, koma muuyale mopyapyala, wongokwanira kubisa dothi, osati mulu woti chinthu n'kugonamo. Zomwe mwaonazo zikulondolana. Ponseponse pauma, chinyezi chili pa inu nokha, tizilombo tabwera, achule atsata tizilombo, njoka yatsata achule. Achulewo musawaphe, usiku amakudyerani mbozi zodula mbande ndi nkhono zing'onozing'ono. Chofunika n'kuchotsa pogona njoka: milu ya njerwa, nkhuni ndi malata akutha zitalikirane ndi nyumba, udzu wa m'mbali mwa dimba utchetchedwe. Musanapise dzanja pabedi, yambani mwagwedeza ndi ndodo.

Njoka zambiri zikamva munthu zimathawa. Koma ziwiri izi muzisamale nazo kwambiri. Mphiri sathawa, amadalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma, n'chifukwa chake anthu amamuponda. Mamba wolavula uja amakonda achule kwabasi, ndipo malovu ake amalunjika m'maso munthu ali pa mtunda wa mamita awiri. Zikatero tsukani m'maso ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 kapena kuposerapo, osatikita, kenako kuchipatala. Wina akalumidwa musateme mphini, musayamwe bala, musamange ndi chingwe kapena mphira. Ululu wa njoka ziwirizi umaononga mnofu, ndiye kumanga kumangowonjezera kuti mwendo uwole. Muvuleni mphete ndi zibangili kutupa kusanayambe, asayende yekha, mumunyamule msanga kupita kuchipatala. Izi mukawauzenso ana a m'kalasi mwanu, chifukwa mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zikatuluka, ndi iwo amathamangira kuchulu mumdima opanda nsapato.

Amalume, chimanga changa cha mondokwa kudimba chagwidwa ntchemberezandonda. Ndalama ya mankhwala ndilibe. — Mnyamata wa Fomu 3, Mitundu, Lilongwe

Mphwanga, mbozi imeneyi ndi yachilendo, kwawo ndi ku America. Kuno inatipeza cha m'ma 2016, ndipo pofika Disembala 2017 boma linalengeza kuti maboma 20 mwa 28 ali pangozi chifukwa cha iyo. Uizindikire ndi chilembo cha Y chozondoka pamutu ndi timadontho tinayi takuda chakumchira. Dimba laling'ono ngati lako silifuna botolo. Uziyendera m'mawa uliwonse usanapite kusukulu, kutembenuza masamba n'kufinya mazira ake, omwe amakhala pamodzi atakutidwa ndi tiubweya totuwa. Pomwe waona zitosi zonga utuchi, tsina mchenga wosakaniza ndi phulusa uthire mumtima mwa chimangacho. Alimi ena amawaza msuzi wa bonya kapena madzi a shuga kuti aitane nyerere, nyererezo n'kukwera kukakoka mbozi. Mavu aja amamanga timiphika ta dothi pakhoma nawonso amanyamula mbozi kukadyetsa ana awo, choncho usagumule nyumba zawo, ndipo legeni yako ipume kaye mpaka mondokwa akhwime, mbalame zikuthandize kutola. Mboziyo ikakula n'kulowa m'chisononkho ndiye kuti wachedwa, yamba chimanga chikadali m'mawondo.