Two Oceans koyamba: makilomita 21 komanso chitunda cha Southern Cross

Kalata ya sabata ino yachokera kwa achemwali ena a kwathu omwe amagwira ntchito ku Cape Town. Akuti alembetsa mpikisano wa Two Oceans Half Marathon wa mu Epulo, koma mtunda wautali womwe anathamangapo ndi makilomita 5 a parkrun, kuthamanga kwa pagulu kwaulere kwa Loweruka m'mawa, ku Rondebosch Common. Kwatsala miyezi inayi, ndipo anzawo akuwaopseza za chitunda cha Southern Cross Drive. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndingakwanitse, ndipo ndiyambire pati?"

Achemwali, mukwanitsa. Munthu amene amamaliza makilomita 5 osaima ali ndi poyambira, ndipo masabata 16 ndi okwanira kufika pa makilomita 21.1. Koma muvomere kaye chinthu chimodzi chomwe ambiri amachikana: muzithamanga pang'onopang'ono kuposa mmene mtima ukufunira. Liwiro la parkrun, lomwe mumafika kumapeto muli wefuwefu, silingakufikitseni ku yunivesite ya Cape Town (UCT), komwe mpikisanowu umathera. Poyeserera, muzitha kucheza ndi mnzanu, kulankhula chiganizo chonse osadukiza. Mukayamba kuyankha ndi mutu chabe, mwathamangitsa. Liwiro lofatsali ndi limene limazoloweretsa mtima kupopa magazi nthawi yaitali, komanso limapatsa mawondo, akatumba ndi mitsempha mpata wolimba. Mapapu amazolowera msanga, koma mafupa ndi mitsempha zimachedwa, n'chifukwa chake oyamba kumene ambiri amavulala nthawi imene akudzimva kuti ali ndi mphamvu.

Katatu pa sabata n'kokwanira. Masiku awiri muzithamanga mphindi 30 mpaka 40, tsiku lachitatu likhale la mtunda wautali. Yambani ndi makilomita 6, muziwonjezera imodzi kapena ziwiri sabata iliyonse, ndipo sabata lachinayi lililonse muchepetseko kuti thupi lipume. Mukafika pa makilomita 17 kapena 18 kutatsala masabata atatu, basi, musavutike kuyesa 21 yonse. Kuyenda pang'ono pakati si manyazi ayi. Ngati ntchito yanu ndi yoimirira tsiku lonse, miyendo yanu imakhala itagwira kale ntchito, ndiye mtunda wautaliwo muuike pa tsiku lomwe mwapuma.

Tsopano za chitunda chija. Mpikisanowu umayambira ku Newlands kusanache, ndipo musanafike n'komwe ku Southern Cross mumakumana ndi chikweza cha Edinburgh Drive ku Wynberg, miyendo idakali yatsopano, anthu zikwizikwi akukukokani kuti muthamange nawo. Apa ndi pomwe oyamba kumene amadziwonongera tsiku. Amakwera mwamphamvu, n'kutsetsereka mothamanga kulowera ku Constantia, ndiye pofika pakati pa ulendo, pomwe Southern Cross ikuyambira, mphamvu zatha. Chitundachi sichoima kwambiri ngati njira yokwera ku Zomba Plateau, vuto lake n'chachitali ndipo chimabwera mutatopa kale. Fupikitsani mapazi, yang'anani patsogolo pang'ono chabe, ndipo ngati kuyenda mwandawala kukufanana ndi kuthamanga kwanu, yendani. Mukafika pamwamba musaganize kuti zatha, chifukwa Rhodes Drive, msewu wodutsa pa Kirstenbosch, ndi wokwera n'kutsika komanso wopendekeka m'mbali, ndipo pafupi ndi mapeto pali kachitunda kena kakang'ono komwe kamapweteka kuposa kukula kwake.

Mwayi wanu ndi woti mumakhala komweko. Kuyambira sabata lachisanu, limodzi mwa masiku afupiafupi aja likhale la zitunda: kukwera mphindi imodzi kapena ziwiri, kutsika mukuyenda, kubwereza kasanu kapena kasanu n'kamodzi. Mu Marichi mupite mukathamange Southern Cross yeniyeniyo, kuti maso aidziwe. Musapite nokha, makamaka m'bandakucha. Pezani gulu la othamanga la kufupi ndi kwanu. Disembala mpaka Febuluwale ku Cape Town kumatentha ndiponso kumawomba mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa, choncho dzukirani m'mamawa, ndipo tsiku la mphepo musadziweruze ndi wotchi.

Za nsapato anthu amakonda kukokomeza. Simukufunika zodula, mukufunika zokukwanani, zosiya kampata kutsogolo kwa chala chachikulu, chifukwa mapazi amatupa mtunda ukatalika ndipo zikhadabo zimada. Mugule panopa, muzizoloweze. Masokosi a thonje amabweretsa matuza. Vaseline pakati pa ntchafu, m'khwapa ndi pomwe bra imakhudza khungu adzakupulumutsani ku ululu womwe mumaumva bwino pokasamba.

Chakudya nacho muchiyesere pa masiku a mtunda wautali. Madzulo idyani nsima kapena mpunga monga mwa masiku onse, osati mbale ziwiri poti mawa kuli mpikisano, ndipo nyemba ndi tsabola zidikire. M'mawa buledi kapena nthochi ndi tiyi, kutatsala maola awiri kuti muyambe kuthamanga. Panjira pamakhala madzi ndi Coke. Imwani pang'onopang'ono, osadikira ludzu lalikulu komanso osadzaza mimba.

Masabata awiri omaliza chepetsani mtunda, mugone mokwanira. Werengani nthawi yomwe okonza mpikisano alemba kuti aliyense akhale atamaliza kuthamanga, muigawe ndi 21 kuti mudziwe liwiro lomwe simuyenera kutsikirapo. Ngati simuli m'kalabu, onetsetsani kuti mwalipira laisensi yongoyembekezera ya Athletics South Africa. Ndipo ngati muli ndi BP, shuga, kapena munamvapo kupweteka pachifuwa pothamanga, kaonaneni ndi dokotala sabata ino, musanawonjezere kilomita ngakhale imodzi.