Za Stonehenge, usiku wautali ndi funso la Khirisimasi

Achemwali, mwati anzanu akuntchito akukuitanani ku Stonehenge, malo a miyala yakalekale ku England, m'bandakucha wa pa 21 Disembala kukaona chomwe akuchitcha winter solstice, tsiku lalifupi koposa pachaka, ndipo mukufunsa ngati zimenezi si zaufiti, komanso ngati n'zoona kuti Khirisimasi inachokera kumeneko. Ine ndinapitako kamodzi, ndiye ndiloleni nditalikitseko, chifukwa mayankho ena omwe ndaona pa funso limeneli akuphatikiza zinthu zosiyana mumphika umodzi.

Nkhani yonse ikuyambira pa dzuwa. Dziko lathuli ndi lopendekeka ndi madigiri pafupifupi 23.4, ndiye mu Disembala mbali yakumpoto imafulatira dzuwa, ndipo pa 21 kapena pa 22 tsiku limafupika koposa masiku onse. Ku London dzuwa limatuluka itangokwana 8 koloko n'kulowa 4 koloko isanakwane. Kwathu sitizimva m'thupi zimenezi. Ku Lilongwe tsiku lalifupi limabwera mu Juni, koma limapitirirabe maola 11. Inu muli m'nyengo yanu yoyamba yozizira kuno, ndiye mwaona kale mmene mtima umalemerera mukamapita kuntchito kuli bii, poweruka kulinso bii. Tsono taganizirani mlimi wa zaka 4,500 zapitazo, wopanda magetsi, msipu utatha, chakudya chikutsika m'nkhokwe, dzuwa likungotsikira tsiku ndi tsiku. Kwa iye, tsiku lomwe dzuwa laleka kuthawa n'kuyamba kubwerera silinali lamasewera.

Miyala ikuluikulu ya ku Stonehenge, m'dera la Wiltshire, inaimikidwa cha m'ma 2500 Yesu asanabadwe. Umodzi umalemera matani ngati 25, ndipo ing'onoing'ono inachokera kumapiri a Preseli ku Wales, mtunda wopitirira makilomita 200. Anaiyala molunjika pomwe dzuwa limalowera pa tsiku lalifupili. Chomwe chimandigwira mtima ine si miyalayo ayi, koma mafupa a nkhumba. Pamalo otchedwa Durrington Walls, makilomita atatu okha kuchokera pamiyalapo, ofukula zakale anapeza mudzi wa nthawi yomweyo uli ndi milu ya mafupa, ndipo mano ake anaonetsa kuti nkhumba zambiri zinaphedwa zili ndi miyezi pafupifupi 9, kutanthauza pakatikati pa nyengo yozizira. Anthuwa ankasonkhana, kuwotcha nyama n'kudyera limodzi mdima utafika pachimake.

Ku Ireland kuli manda a Newgrange, akale koposa, a m'ma 3200 Yesu asanabadwe. Pamwamba pa khomo anasiyapo kampata, ndipo m'masiku ochepa a solstice kuwala kwa dzuwa lotuluka kumalowa pamenepo, kuyenda m'kanjira ka mamita 19 mpaka m'chipinda chamkati, n'kukhalamo mphindi ngati 17. Michael O'Kelly, yemwe ankafukula malowa, anadzionera yekha zimenezi mu 1967. Lero olowa pa tsikulo amasankhidwa pochita maere.

Omanga malo amenewa sanasiye zolemba. Anthu ovala mikanjo yoyera omwe mukawaone akudzitcha ma Druid sakupitiriza mwambo wa omangawo. Ma Druid enieni, ansembe a anthu akale a ku Britain, anadzakhalako patapita zaka zoposa 2,000 miyala itaima kale, ndipo a masiku anowa anayambitsa magulu awo m'zaka za m'ma 1700. Chipembedzo cha Wicca chinatchuka m'ma 1950 kudzera mwa Gerald Gardner. Pa kalembera wa 2021 ku England ndi Wales, anthu pafupifupi 74,000 analemba kuti ndi ma pagan, omwe kwathu tingati achikunja. Sindikubisirani: kwa amenewa tsikuli ndi lachipembedzo, amalemekeza dzuwa, nthaka ndi milungu yakale. Koma si ufiti monga timaudziwira kwathu, woloza munthu kapena kutamba usiku. Ndipo ambiri omwe ndinaima nawo anali mabanja, ophunzira ndi alendo atanyamula mafulasiki a tiyi. Kunali ng'oma, kuimba, ena kukumbatira miyala, ndipo kutacha anthu anakuwa ndi kuomba m'manja.

Mawu akuti "chikunja" ndimawagwira mosamala. Ndi omwewo omwe anapatsidwa kwa makolo athu popereka nsembe zopempha mvula ku Khulubvi kwa M'bona kapena ku Msinja kwa Makewana. Iwo nkhawa yawo inali mvula, Azungu akalewa nkhawa yawo inali dzuwa. Onse anali alimi oyang'ana kumwamba.

Tsopano za Khirisimasi. Aroma anali ndi Saturnalia, chikondwerero cha mulungu Saturn, choyamba pa 17 Disembala ndipo chinakula mpaka kufika pa 23. Ntchito zinkaima, anthu ankapatsana makandulo ndi tizidole tadothi, akapolo ankadya momasuka, m'nyumba zina ambuye awo ndiwo ankawapatsira chakudya. Kumpoto kunali chikondwerero cha Yule, dzina lomwe mpaka lero a ku Norway, Sweden ndi Denmark amaitanira Khirisimasi kuti Jul. Bede, mmonke wa ku England yemwe anamwalira mu 735, analemba kuti makolo ake ankatcha Novembala mwezi wa nsembe, poti ndi pomwe ankapha ziweto, komanso kuti nthawi ya Khirisimasi anali ndi usiku wotchedwa Usiku wa Amayi. Mbiri ya mafumu a ku Norway imati Haakon, mfumu yachikhristu ya m'zaka za m'ma 900, inalamula kuti Yule izichitika nthawi imodzi ndi Khirisimasi, ndipo aliyense azifulula mowa wa pa chikondwererocho. Apa mpomwe kusakanikirana kukuoneka poyera.

Koma deti la 25 Disembala silophweka ngati mmene mauthenga a pa WhatsApp amanenera. Baibulo silitchula tsiku lomwe Yesu anabadwa, izi n'zoona. Kalendala ya ku Roma ya chaka cha 354 imaika zinthu ziwiri pa 25 Disembala: kubadwa kwa Dzuwa Losagonjetseka, mulungu wa Aroma yemwe mfumu Aurelian inamumangira kachisi mu 274, ndiponso kubadwa kwa Khristu, ndipo gawo lachikhristulo likuonetsa kuti tsikuli linkasungidwa kale pofika 336. Akatswiri ena amati mpingo unatenga tsiku la dzuwalo dala. Ena amati Akhristu anawerengera okha: ankakhulupirira kuti Mariya anatenga pathupi pa Yesu pa 25 Malichi, ndiye kuonjezera miyezi 9 mukufika pa 25 Disembala. Mbali zonse ziwiri zili ndi umboni wake. Ine maganizo anga ndi akuti phwando, makandulo, masamba obiriwira m'nyumba ndi kupatsana mphatso ndi zinthu zomwe anthu a kumalo ozizira akanachita ndithu mwezi umenewu, chipembedzo chilichonse chomwe akanakhala nacho, ndipo atatembenuka mtima sanazisiye. Mtengo wa Khirisimasi wokha ndiye musaunamizire ma Druid. Unayamba pakati pa Akhristu olankhula Chijeremani m'zaka za m'ma 1500, n'kufalikira ku Britain chithunzi cha Mfumukazi Victoria ndi Prince Albert ataima pambali pake chitasindikizidwa mu 1848.

Kukayika kwanu si kwachilendo. Nyumba ya malamulo ya ku England inaletsa Khirisimasi mu 1647, ndipo ku Scotland, komwe kunachokera amishonale a Livingstonia ndi Blantyre, tsikuli linadzakhala holide ya boma mu 1958. N'chifukwa chake kumeneko chisangalalo chachikulu chimakhala cha Hogmanay, usiku wolowa chaka chatsopano.

Kupita kapena kusapita, funsani chikumbumtima chanu. Palibe yemwe akakukakamizeni kulowa m'bwalo la opemphera, mutha kuima patali n'kumaonerera. Mukasankha kupita, yambani mwaona pa tsamba la English Heritage, bungwe losamalira malowa, chifukwa zaka zina amatsegula pa 22 osati pa 21. M'mawa umenewo kulowa n'kwaulere ndipo amalola kufika pamiyala penipeni, zomwe masiku wamba salola. Valani majekete awiri, chipewa, magolovesi ndi jombo, poti m'chigwa chimenecho mphepo imalasa ndipo matope ndi ambiri. Kawirikawiri kumakhala mitambo, mwina dzuwalo simudzaliona n'komwe. Gulu lonse lidzayang'ana kum'mawa, koma inu mukatembenukirenso kumwera chakumadzulo, komwe dzuwa likalowere madzulo ake, chifukwa m'nyengo ino omanga aja ankayang'ana kumeneko.