Defence kapena defense: liwuli linachokera kuti?

Mayi wina amene amaphunzitsa Chingerezi kusekondale wanditumizira imelo. Akuti ana a m'kalasi mwake ena amalemba defence, ena defense, ndipo kompyuta yake imaika mzere wofiira pansi pa kalembedwe kamene iye anaphunzira ali mwana. Akufuna kudziwa cholondola, komanso ngati liwuli lili pachibale ndi fence, fensi yotchinga pakhomo ija.

Mayi, zonse ziwiri n'zolondola, kungoti kuno timatsata kalembedwe ka ku Britain, ka c. Asilikali athu ndi Malawi Defence Force. Ka s n'ka ku America, ndipo amene anakalimbitsa ndi Noah Webster m'dikishonale yake ya 1828. Kompyutayo muiike pa Chingerezi cha ku UK, mzerewo utha. Chimene ndikupempheni n'chakuti musawauze ana kuti Aamerika anapotoza. S ndiye ali pafupi ndi gwero la liwuli, ndipo Angerezi omwewo polemba defensive amabwerera kwa s yemweyo.

Gwerolo ndi mneni wa Chilatini, defendere. Ali ndi zigawo ziwiri: de, kutanthauza kuchotsa kapena kutalikitsa, ndi fendere, kumenya. Choncho pachiyambi penipeni sankanena za kubisala kuseri kwa khoma ayi. Ankanena za kuphera m'mwamba nkhonya kapena mkondo umene ukubwera, kuukankha kuti usakufike. Fendere yemweyo ndi amene anabala offendere, kugunda munthu, kumene kunachokera offend ndi offence. Woputa ndi wodziteteza ndi ana a mimba imodzi.

Liwuli silinadumphe kuchoka ku Rome kukatera ku London. Linadzera m'Chifalansa. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chilankhulo cha kunyumba yachifumu ndi cha m'makhoti kwa zaka mazana angapo, ndipo pofika cha m'ma 1300 defence anali atakhazikika m'Chingerezi. Anabwera ndi tanthauzo lina limene Angerezi analitaya pambuyo pake, la kuletsa. Afalansa akadali nalo. Mukaona chikwangwani cholembedwa défense de fumer ku Paris, sichikuteteza osuta fodya, chikuwaletsa. Mukaganiza bwino, kuletsa nakonso n'kukankha chinthu kuti chisayandikire.

Tsono za fensi, mwalasa. Fence ndi defence yemweyo atadulidwa mutu, monga momwe fend anachokera kwa defend. Poyamba fence ankatanthauza chitetezo chilichonse, kenaka anadzakhala dzina la mpanda. Masewera olimbana ndi malupanga a pa Olimpiki aja amatchedwa fencing chifukwa ndi luso lodziteteza ndi lupanga, ndipo fender ya galimoto, monga amaitchulira ku America, ndi m'bale wawonso. Apa ndi pamene ndikuona kuti ana anu angasangalale, chifukwa liwu limene amalimva tsiku lililonse kwa owotcherera mageti likuwatsegulira liwu la m'mayeso.

Kukhoti tanthauzo silinasunthe kwenikweni. Woimbidwa mlandu ndi defendant, ndipo zimene iye ndi loya wake amanena pokankha mlanduwo ndi defence. Kumpira n'chimodzimodzi ndi otchinga kumbuyo, madifenda. Ngakhale pandalama zachitsulo za ku Britain liwuli lilipo mobisika: zilembo F.D. zikuimira Fidei Defensor, woteteza chikhulupiriro, dzina limene Papa Leo X anapatsa Mfumu Henry VIII mu 1521, mfumuyo isanapatuke ku mpingo wa Katolika.

Pamene ine ndimafuna kuti ophunzira atsegule maso ndi pa maina a maunduna. Kale maboma sankachita manyazi kutchula nkhondo. America inali ndi Department of War kuyambira 1789. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha anasanjanso maofesi a asilikali, ndipo mu 1949 dzina linakhala Department of Defense. Ku Britain, War Office ya asilikali a pamtunda inamezedwa mu 1964 pamodzi ndi Admiralty ya asilikali a panyanja ndi Air Ministry ya asilikali a mumlengalenga, n'kupanga Ministry of Defence imodzi. Mfuti ndi ndege zinali zomwezo, koma dzina latsopano linkauza nzika kuti ife sitiputa, timangobweza. Pansi pa dzina la Defense lomwelo asilikali a ku America anatumizidwa ku Vietnam ndi ku Iraq, kutali kwambiri ndi malire a kwawo. Mu September 2025 Donald Trump anasaina lamulo lolola unduna wa ku America uja kudzitchulanso Department of War ngati dzina lachiwiri. Nkhani imeneyi mutha kuipereka kwa ana a Fomu 4 kuti atsutsane: mwa maina awiriwa, ndi liti limene likunena zoona pa ntchito ya undunawo?